Mwana wa ku Wakanda amene akuti ndi wouma mtima

Pa Ciweru capitaci malaiti anazima ndisanafike n'komwe pa saluni ya mai amene amandiluka ku Mtendere. Madraya onse anali zii. Koma kuluka sikufuna magetsi, conco tinakhala akazi asanu ndi mmodzi m'kacipinda kaja, fumbi la August likulowera pansi pa citseko, ndipo mtsikana wothandiza pa saluniyo anatulutsa laptop ya mlongo wake imene anaichaja usiku. Anaiika pa mpando, pamwamba pa mapaketi a tsitsi.

Filimu imene anasankha inali Black Panther: Wakanda Forever. Cifukwa cake cinali Connie Chiume, mai wa ku South Africa uja tinamuzolowera mu Rhythm City ndi Gomora, amene anamwalira pa 6 August ali ndi zaka 72. M'filimuyi ndi mmodzi wa akuluakulu okhala pa bwalo la mfumu. Atate ake anali a ku Malawi, ndiye mu saluni munabuka kamkangano kakuti kodi ndi "wathu" kapena iai. Kamkanganoko sikanathe, filimu inayamba.

Pasanapite mphindi 30, mai wina amene anali kuyembekeza nthawi yake anaomba m'manja kamodzi, naloza mtsikana wa pa sikirini.

"Uyu mwana ni wouma mtima. Brother wake wafa, yeve ali cabe busy na makompyuta. Ba mai bake ndiye baziba kulira."

Onse anavomereza. Ine ndinakhala cete, mutu uli m'manja mwa wondiluka. Mau amenewo ndinali nditawamvapo kale, ndipo nthawi imeneyo sanali kukamba za filimu.

Kwa amene simunaionere: filimuyi inatuluka mu November 2022, ndipo anaitsogolera ndi Ryan Coogler. Ndi yotsatira ya Black Panther ya mu 2018. Pakati pa mafilimu awiriwa panagwa maliro enieni. Chadwick Boseman, amene anali kusewera ngati mfumu T'Challa, anamwalira pa 28 August 2020 ali ndi zaka 43, atadwala khansa ya m'matumbo kuyambira 2016 osauza anthu ambiri. A Marvel anasankha kusaika munthu wina m'malo mwake. Conco mfumu inafa m'filimu momwemo, ndipo katundu yense anagwera Letitia Wright, amene amasewera ngati Shuri, mlongo wake wamng'ono.

Mu 2018 Shuri anali mwana woseketsa. Ndi uja anaseka nsapato za mlongo wake, uja anamujambula pa vidiyo akugwa cagada. Koma analinso munthu wokonza ciliconse. Mzungu wa CIA atawomberedwa pa msana, Shuri anamuimitsa tsiku limodzi lisanathe. Apa ndi pamene mafilimu a science fiction amasiyana ndi masewero athu a pa TV. M'dziko la mafilimuwa muli ndege zosaoneka, zovala zosalowa cipolopolo, makina oyankhula, ndipo imfa nthawi zambiri imakhala ngati cuti cabe. T'Challa yemweyo anaponyedwa pa mathithi nabwerera. Mu Avengers: Infinity War anasanduka fumbi, caka cotsatira nabwereranso mu Endgame. Woonera amazolowera kuti pali batani penapake. Ndiye ganizirani kukhala mwana wanzeru kuposa onse m'dziko lotere, mlongo wako nkufa ndi matenda, batani osalipeza.

Filimu imayamba mumdima, tikungomva Shuri akupemphera kwa mulungu amene iye samukhulupirira kwenikweni. Kenako timuona mu labu, akuyesa kupanganso mankhwala a duwa lija limene Killmonger anatentha m'filimu yoyamba. Wina amuuza kuti apite akakhale pafupi ndi wodwala. Iye akana, nathamangitsa onse. Yang'anani manja a Letitia Wright pamenepa. Akuthamanga, koma sakunjenjemera. Mau ake ndi olamula, ngati a sista wa m'cipatala pa usiku woipa. Maso sayang'ana munthu aliyense, ali pa manambala basi. Ndipo amai ake, Mfumukazi Ramonda, akalowa pa khomo pang'onopang'ono, nkhope itanena kale zonse, Shuri safunsa amai ake. Afunsa kompyuta kuti mtima wa mlongo wake ukugunda bwanji.

Pamenepo m'pamene khosi langa linauma mu saluni muja.

Mu June 2021, pamene korona inafika poipa kwambiri mu Lusaka, alongo anga aakulu anagonekedwa m'cipatala cina. Anali makanika, munthu wosadziwa ngakhale mutu kuwawa. Mukumbukira mwezi umenewo: mabedi kudzala, oxygen kuvuta, KK kumwalira pa 17 June, ma wailesi onse kuimba nyimbo za maliro masiku 21. Ine ndinali nditangoyamba kumene nchito, ndipo m'banja mwathu ndine "wa pa foni", amene adziwa kufunsa, kulemba mameseji ndi kutsatira nambala iliyonse imene anthu atumiza pa WhatsApp. Conco amai anakhala ku cipatala, ine ndinakhala pa msewu. Tsiku lacitatu ndinapeza silinda ya oxygen. Ndinali mu taxi, silinda ili pakati pa mawondo anga, pamene foni inalira. Anali amai. Ndinaiyang'ana mpaka inaleka. Inaliranso. Ndinauza woyendetsa kuti apeze njira yacidule.

Nditafika ndinaona amai atakhala pansi pa khonde, citenje cili kumutu. Ndinawadutsa. Ndinapita kwa nesi nkumufunsa kuti oxygen yao ili pa zingati.

Maliro a mu Lusaka muwadziwa. Mipando imatuluka m'nyumba, azimai amagona mkati, azibambo amaotha moto panja. Wobwera amayamba kulira ali pa geti, ndipo a m'nyumba amamuyankha. Azimai a ku chalichi amaimba mpaka mau atasasa, a cimbuya amabwera ndi nthabwala zao ndi ufa wao wopaka anthu kumaso. Sindikunyoza zimenezi ai. Kulira kwa pamodzi ndi mankhwala, ndipo ndinaona mmene kunawagwirira amai kuti asagwe. Koma pa maliro alionse pamakhala munthu mmodzi kapena awiri amene sakhala pa mphasa. Ndi amene ali ndi kabuku ka zopereka. Ndi amene akutsatira mapepala a ku manda, bokosi, basi, malasha, unga, kabichi, tenti. Akakhala pansi n'kuyamba kulira, anthu sadya, maliro sanyamuka. Pa maliro athu munthuyo ndinali ine. Ndipo cifukwa boma linali litacepetsa ciwerengero ca anthu pa maliro, aliyense anali kuoneka bwino lomwe, wolira ndi wosalira.

Titabwerako ku Leopards Hill, ndikuwerenga cenji ca basi kuseri kwa nyumba, ndinamva amai aakulu ocokera ku Katete akuuza anzao kuti, "Mwana uyu sukulu idamuumitsa mtima. Mlongo wake weniweni, osagwetsa ngakhale msozi umodzi?" Ndipo kwathu kuno mau otere sathera pamenepo. Wosalira amayamba kuyang'anidwa ndi diso lina, lofunsa kuti kodi akudziwapo ciani pa imfayi.

Tsopano ndiulule cinthu cimodzi. Pamene ndinaonera filimuyi koyamba, mu 2022, inenso ndinamuweruza Shuri cimodzimodzi. Tinapita ku cinema ndi anzanga tili ndi cimwemwe ca cina: nyimbo ya Sampa the Great, Never Forget, imene muli Chef 187, Tio Nason ndi Mwanjé, inali itamveka mu trailer ya filimuyi, ndipo Zambia yonse ya pa Facebook inali kuvina. Potuluka ndinauza anzanga kuti filimu ndi yaitali, mtsikanayo ndi wouma, sangakwanitse kunyamula filimu yekha. Ndinanena mokweza, mokwiya pang'ono. Anzanga anadabwa kuti mkwiyo ukucokera kuti. Inenso sindinadzifunse.

Amene tonse tinamutamanda ndi Angela Bassett, ndipo m'pomveka. Pali malo aja pamene Ramonda aimirira pa bwalo la mfumu nkucotsa Okoye pa udindo, akuwerenga mokweza onse amene wataya. Mau ake amadzaza cipinda, mitsempha ya pa khosi imaoneka. Danai Gurira, amene anakulira ku Harare, amangoima misozi ili mbwembwembwe. Mu saluni, pamenepo wondiluka analeka kuluka. Bassett anapata Golden Globe mu January 2023, ndipo anakhala munthu woyamba kuikidwa pa mpikisano wa Oscar cifukwa cosewera m'filimu ya Marvel Studios, ngakhale kuti mphothoyo inapita kwa Jamie Lee Curtis. Ruth E. Carter, amene anasoka zovala, kuphatikizapo zoyera za pa maliro zija, anatenga Oscar yake yaciwiri. Letitia Wright pa mndandanda wa Oscar panalibe.

Sindidabwa. Kulira kwa Ramonda mungakudule, kukhale kavidiyo ka mphindi imodzi, nkukutumiza pa foni. Zimene Wright akucita sizidulika. Zili m'zimene sakucita, ndipo kuti muzione muyenera kukumbukira mwana woseka uja wa mu 2018. Apa nthabwala zikabwera amaziyankha ndi theka la pakamwa. Amaima mapewa ali m'mwamba pang'ono, ngati munthu wa m'basi yodzala amene akuopa kukhudzidwa. Wina akachula dzina la mlongo wake, nsagwada zimalimba, maso amathawira pa cinthu ciliconse cimene cili pafupi, ndipo amayamba kukamba za nchito. Sikuti salira konse. Pa maliro a T'Challa amagwera pa bokosi mpaka amai ake kumucotsa, ndipo amai akewo akamira m'madzi amakuwa ngati mwana. Koma kulira kumeneko kumatuluka ngati ngozi, ndipo nthawi yomweyo citseko cimatsekedwanso. Amene anapitamo adziwa kuti kutseka citsekoco ndi nchito yolemetsa ya tsiku lililonse. Wright amaonetsa kulemera kwake popanda kuuza munthu kuti ndalema.

Filimuyi si yangwiro, ndisaname. Maola awiri ndi mphindi 41 ndi ambiri, ndipo nkhani ya a CIA ku America mungaicotse yonse osataya kanthu. Nkhondo yothera pa sitima ndi phokoso lomwe tinazolowera. Mu saluni, pa malo amenewo anthu anali kukamba za mtengo wa unga.

Koma pali malo a pa mtsinje. Patapita caka cimodzi, Ramonda atenga mwana wake usiku, nakoleza moto, namuuza kuti atenthe zovala za pa maliro monga mwa mwambo, kuti nthawi yolira ithe. Amai akuti anamumva mwana wao m'mphepo, ngati dzanja pa phewa. Shuri ayankha mofatsa kuti zimenezo ndi maganizo ao cabe. Kukambirana kumeneku ndakumvapo m'nyumba zambiri za mu Lusaka, pakati pa amai a pemphero ndi mwana wa diploma. Ndipo Shuri akana kutentha zovalazo, nacenjeza kuti akakhala pansi kuganizira mlongo wake nthawi yaitali, cimene adzatentha si nsalu koma dziko lonse. Wosewera wina akanakuwa pamenepa. Wright amanena motsitsa mau, akuyang'ana moto, ngati akuwerenga lipoti. Ndiye cifukwa cake zimaopsa.

Kwathu kum'mawa kulinso zotsekera maliro. Akuluakulu a Cicewa amakamba za kumeta: kumeta koyamba maliro atangoikidwa, ndi kwaciwiri patapita miyezi, kumene kumamasula ofedwa. M'tauni zambiri zinasanduka kugawa zovala ndi kuika mwala pa manda. Tsiku logawa zovala za alongo anga, ndinalowa m'cipinda anthu asanadzuke nkucotsa jekete yao ya ku nchito pa mulu. Yabuluu, yong'ambika pa cigongono, yonunkha girisi. Ndinaiika pansi pa sutikesi yanga. Amalume atafunsa kuti jekete ija ili kuti, ndinati mwina inatsala ku garaji. Zaka zitatu zapita, mwala tinaika, koma sutikesiyo ndimaitsegula theka cabe.

Anthu ena amati zimene Wright anacita si luso, cifukwa anali kulira mnzake weniweni. Zoona, iye ndi Boseman anali pafupi, ndipo aliyense m'filimuyi anali pa maliro. Kuwonjezera apo, mu August 2021 anavulala pojambula ku Boston, anathyoka phewa nagundanso mutu, mpaka kujambula kunaima kumapeto kwa cakaco nkuyambanso mu January 2022. Mtsikana wobadwira ku Guyana, wokulira ku London, wosakwana zaka 30, anabwerera kudzavala udindo umene sanaupemphe. Koma ine ndiona kuti mfundoyo ili cadodolido. Munthu amene ali ndi cisoni ceniceni, kamera ili pamaso pake, cosavuta ndi kungotsegula mpopi. Cobvuta ndi kuugwira maola awiri ndi theka, woonera nkumaona madzi akukankha kumbuyo kwa nkhope, osawatulutsa mpaka nthawi yake. Kumeneko ndi kusankha, ndipo kusankha ndiyo nchito ya wosewera.

Coogler naye sanamukometsere. Shuri akamwa mankhwala aja nkupita ku dziko la mizimu, sakumana ndi amai ake kapena mlongo wake. Akumana ndi Killmonger, Michael B. Jordan, munthu wa mkwiyo. Akadzuka sauza aliyense amene wamuona. Apa mai uja wa mu saluni anati, "Mwaona? Nenze nakamba." Koma ine ndinakumbukira miyezi ija pambuyo pa maliro, pamene ndinali kukangana ndi makondakitala pa cenji ca K1, kukalipira ana a neba, kuyankha amai mwacidule. Palibe amene anaganiza kuti mwana uyu akulira. Inenso ndinali kuona ngati ndangokhala munthu woipa.

Laptop inayamba kucenjeza za batire pamene Shuri anafika ku Haiti, kwa Nakia, Lupita Nyong'o. Mtsikana wothandiza anacepetsa kuwala kwa sikirini kuti tifike kumapeto, conco tonse tinasendera pafupi. Shuri apita yekha m'mbali mwa nyanja. Aika zovala zoyera pa moto, nakhala pa mcenga. Palibe coyankhula. Kumveka mphepo. Zithunzi za Boseman za m'filimu yoyamba zibwera cimodzicimodzi, akuseka, akupatsana moni ndi mlongo wake. Kamera ikhala pa nkhope ya Wright osacoka. Mapewa aja atsika. Mpweya utuluka. Pakamwa payesa kumwetulira, palephera, payesanso. Misozi ikabwera, ibwera yocepa, mosathamanga, ndipo iye saipukuta. Nyimbo ya Rihanna, Lift Me Up, idikira mpaka iye atatha.

"Ba sisi, nakukokani maningi?" anafunsa wondiluka, atamasula dzanja pa tsitsi langa. "Mukambe, ningatepeteseko."

Ndinati iai, pitirizani. Koma sizinaleke. Ndinalira mu saluni ya ku Mtendere, theka la mutu lolukidwa, theka lili nyankhalala, pamaso pa anthu osandidziwa. Mtsikana uja anatseka laptop. Wina anati, "Ni filimu cabe, mwana wanga," ndipo wina anamuletsa ndi maso.

Mai uja amene anayambitsa nkhani ya kuuma mtima anakhala cete nthawi yaitali. Kenako anatsegula cikwama, nandipatsa kansalu, nafunsa mosazungulira: "Anali ndani?"

Ndinawauza kuti alongo anga, 2021.

Anagwedeza mutu. Anati amuna ao anamwalira caka comweco, mu July, ndipo iwo analira mpaka kukomoka kawiri. Mwana wao woyamba, mnyamata, ndiye anathamanga ndi zonse. "Sanalileko olo pang'ono. Nenze namukalipila ati ulibe cikondi na batate bako." Anayang'ana laptop yotsekayo. "Manje sakamba maningi masiku yano. Ayenda ku nchito, abwela, agona." Sanapitirize, ndipo palibe amene anawafunsa. Nthawi yao yoluka itafika anakhala pa mpando, koma foni inali m'manja, akuitembenuza.

Ndinafika kunyumba cakumadzulo, malaiti asanabwere. M'mawa mwake, pa Sondo, amai atapita ku chalichi, ndinatsegula sutikesi mpaka pansi. Fungo la girisi latsala pang'ono cabe, lambiri ndi la sutikesi. M'thumba lamkati munali mask yabuluu yopindidwa kanai ndi kabawuti kamodzi. Sindinaitenthe jeketeyo, ndipo sindinaganize zopatsa munthu. Ndinangoikung'untha nkuiyanika pa waya.

Amai pobwera anaima pa geti, buku la nyimbo lili m'manja. Anaiyang'ana nthawi yaitali, mphepo ikuikweza mikono. Ndinali nditakonzeka kuyankha za ku garaji kuja. Iwo anangolowa, ndipo podutsa pafupi nane anati, "Uitembenuze mkati kunja. Dzuwa ili licotsa mtundu."